DeepTMHMM ndayiyesa pa mapuloteni a kolera, maganizo anga ndi awa

Anzanga a bayoloji, makamaka inu amene mukulemba pulojekiti ya chaka chomaliza kapena masters ndipo asupavaiza angokuuzani kuti "kaoneni topology ya puloteni imeneyo" osakuuzani kuti mukaonere pati, ndati ndikufotokozereni za DeepTMHMM. Ndi webusaiti ya anthu a ku Technical University of Denmark, inatuluka 2022, ndipo ntchito yake ndi kulosera kuti puloteni yakhala bwanji pa membrane (chikopa chopyapyala chokuta selo), yaboola kangati, mbali iti ili mkati mwa selo ndi mbali iti ili kunja, zimene amati topology zija. Ndinene pachiyambi pomwe pano kuti ndi bho, ndi yaulere kwa ophunzira ndi ofufuza, sikudya bandulo, ndipo pa mawebusaiti onse a ntchito imeneyi ndi imene ndimayamba kutsegula. Koma ili ndi pamene imathera, ndipo pamenepo mpamene anthu ambiri akugwera, akumatenga chithunzi chake chokongola chija nkuchimata mu thesis ngati umboni.

Ine ndinayifuna chifukwa cha ToxR, puloteni ya Vibrio cholerae, bakiteriya woyambitsa kolera. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija tonse tikuikumbuka, anthu opitirira 58,000 anadwala kuno ku Malawi ndipo opitirira 1,700 anatisiya, ndiye ukamawerenga za bakiteriya ameneyu sizikhalanso nkhani za m'buku ayi. Chimene ambiri sadziwa nchoti Vibrio sapanga poizoni wake nthawi zonse, akakhala m'madzi a kunyanja kapena m'chithaphwi amangokhala, akalowa m'matumbo mwa munthu mpamene amayatsa majini a poizoni ndi a timichira tija totchedwa TCP timene amagwirira nato. Ndiye funso nkumati akudziwa bwanji kuti tsopano ndafika m'mimba? Mbali yaikulu ya yankho ndi ToxR ndi mnzake TcpP, awiriwa amakhala pa inner membrane, ya mkati pa ma membrane awiri amene bakiteriyayu ali nawo, amayatsa jini ya toxT, kenako ToxT ndi imene imakayatsa ctxAB, majini a poizoni, ndi tcpA, jini ya timichira tija.

Chodabwitsa cha ToxR nchoti ndi puloteni yogwira DNA koma yomangiriridwa pa membrane. Ili ndi ma amino acid 294, mbali ya kumayambiriro, ya N, ili mu cytoplasm, mkati mwa selo, ndipo ndi imene imakumbatira DNA, kenako pali helix (kachigawo kopota ngati sipuling'i) imodzi yokha yoboola membrane, kenako mbali ya kumapeto, ya C, ili mu periplasm, kampata ka pakati pa ma membrane awiri aja, kumene imakumana ndi zinthu zochokera kunja monga ndulu ya m'matumbo ndi kusintha kwa pH. Ili ngati kondakitala wa minibasi, mutu uli pawindo kuona amene akubayitsa pamsewu, dzanja lili mkati kumenya denga kuti adalaivala aime. Mukamutembenuza munthu ameneyu palibe chimene chingayende, gawo logwira DNA likapezeka mu periplasm mulibe DNA mmenemo. Nchifukwa chake kwa mapuloteni olamulira anzawo ngati awa kudziwa kuti aboola membrane kamodzi sikokwanira, uyenera kudziwanso kuti ayang'ana kuti.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta mpaka kumadabwa. Mumapita pa UniProt, webusaiti yosunga ma sequence a mapuloteni, mumalemba ToxR Vibrio cholerae, mumakopera sequence, mndandanda wa zilembo za ma amino acid, mu kalembedwe ka FASTA, mumakamata m'bokosi la DeepTMHMM, Run, basi. Imayenda pa makompyuta a BioLib, kampani imene imaisunga pa intaneti, osati pa laputopu yanu, ndiye ngakhale muli ndi kalaputopu kakale ka 4GB RAM kamene kamalira feni mukangotsegula Chrome palibe vuto, chimene mukutumiza ndi zilembo mazana angapo chabe ndipo zobwera ndi kafayilo ndi kachithunzi. Pa foni imathekanso ngakhale kukopera sequence yayitali ndi chala kumatopetsa. Zotsatira zimabwera mitundu itatu, pali chithunzi chosonyeza probability pa amino acid iliyonse, pali fayilo ya gff3 imene imalemba kuti kuyambira nambala yakuti mpaka yakuti ndi inside, TMhelix, outside, ndiye pali imene ndimaikonda ine, ya 3line, imene imaika dzina pamwamba, sequence pakati, ndipo pansi pa chilembo chilichonse pali I (inside), M (membrane), O (outside) kapena S (signal peptide). Mukaitsegula mu Notepad nkuchotsa word wrap mumaona ndi maso anu pamene ma leucine ndi ma valine ndi ma isoleucine aunjikana ndipo pansi pake pali MMMMMM, zimakoma kuona eti.

Pa ToxR inandipatsa zimene zikudziwika kale kuchokera mu labu, mbali yayitali ya kumayambiriro mkati, helix imodzi cha m'ma 180 kukafika cha m'ma 200, chotsalacho kunja. Chimene ndinasangalala nacho kwambiri ndi OmpU. Iyi ndi porin, puloteni yopanga kabowo, ya pa outer membrane, membrane ya kunja ija, imene ToxR yomweyo imayatsa mwachindunji, uku ikuzimitsa OmpT, ndipo si ya ma helix ayi, ndi beta barrel, mgolo wa ma strand 16. TMHMM, pulogalamu yakale imene DeepTMHMM inalowa m'malo mwake, mukaipatsa puloteni ngati imeneyi imangokuyang'anani, imati palibe chimene chaboola membrane chifukwa ma strand amenewa amasinthanasinthana, amino acid imodzi yodana ndi madzi yotsatira yokonda madzi, ndiye pa hydrophobicity plot, girafu yosonyeza pamene pali kudana ndi madzi, sipaoneka phiri lililonse. DeepTMHMM imadziwa ma barrel, imaika chilembo B pa ma strand ndi P pa mbali ya periplasm, ndipo imagawa mapuloteni m'magulu kuti iyi ndi TM (yoboola membrane ndi helix), iyi ndi SP (ili ndi signal peptide), iyi SP+TM, iyi BETA, iyi GLOB kutanthauza kuti siiboola membrane nkomwe. Kwa munthu amene ukugwira mabakiteriya a Gram negative ngati Vibrio, Salmonella, Klebsiella, chimenechi chokha nchokwanira kukusamutsa.

Ndifotokoze pang'ono chimene chili pansi pake chifukwa ena mudzafunsidwa pa difensi. Pakati pa membrane ndi mafuta okhaokha, kukhuthala kwake pafupifupi ma angstrom 30, ndipo alpha helix ya ma amino acid pafupifupi 20 odana ndi madzi ndi imene imakwana kudutsa pamenepo. Kyte ndi Doolittle mu 1982 anapanga njira yowerengera zimenezi, ukajambula girafu pamene pali phiri ndiye kuti mwina pali helix. Koma girafu imeneyo siikuuza kuti mutu uli kuti. Amene anatsegula maso anthu ndi Gunnar von Heijne wa ku Stockholm mu 1986, anaona kuti ma loop amene ali mbali ya cytoplasm amakhala ndi lysine ndi arginine wambiri kuposa akunja, lamulo lija la positive inside. TMHMM 2.0 ya Krogh ndi anzake ya 2001 inatenga zonsezi nkuziika mu hidden Markov model, ndipo ndi yomweyo imene inasonyeza kuti majini 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse m'zamoyo zambiri ndi a mapuloteni a pa membrane. DeepTMHMM yasunga dzina koma injini ndi ina, imagwiritsa ntchito protein language model ya ESM-1b imene inaphunzira pa ma sequence mamiliyoni, ndiye imatha kununkhiza zinthu zimene sizioneka ukangowerenga ma K ndi ma R, lysine ndi arginine aja. Vuto lake nlakuti siikuuza chifukwa chimene yaganizira choncho. Yakale ija inali ndi timanambala tothandiza, ExpAA, First60, ndi ija ya Total prob of N-in, mwayi woti mbali ya N ili mkati, ukaona yalemba 0.5 unkadziwiratu kuti apa makinawa akungoponya ndalama m'mwamba. Yatsopanoyi uyenera kuyang'anitsitsa chithunzi chija wekha kuti uone pamene mizere ikulimbana. Ine mpaka pano ndimawerengabe ma lysine ndi ma arginine mbali zonse ziwiri za helix pamanja, sizitenga mphindi zisanu ndipo zimakupatsa chonena akakufunsa.

Pamene muyenera kuchenjera kwambiri ndi mapuloteni amene helix yawo ili kumayambiriro kwenikweni. ToxR ili ndi mnzake ToxS amene amaiteteza kuti isadulidwe ndi ma protease, ma enzyme odula mapuloteni, TcpP nayonso ili ndi TcpH, ndipo awiriwa, ToxS ndi TcpH, ali ndi kachigawo kodana ndi madzi kumayambiriro, thupi lonse lili mu periplasm. Kachigawo kameneka kamafanana kwambiri ndi signal peptide, ija imene imatsogolera puloteni kutuluka kenako nkudulidwa nkutayidwa. Kusiyana kwake si kwamasewera, ngati ndi signal peptide ndiye kuti puloteniyo ikuyandama mu periplasm, ngati ndi anchor ndiye kuti yamangiriridwa pambali pa mnzakeyo. TMHMM 2.0 inkasokoneza zimenezi pafupipafupi mpaka anachita kuika chenjezo la possible N-term signal sequence, ndipo pulogalamu ina ya Phobius ya 2004 inapangidwira vuto lomweli. DeepTMHMM imalosera zonse ziwiri pamodzi ndiye yachepetsa chisokonezo, koma ine puloteni iliyonse yotere ndimaiponyanso mu SignalP 6.0, yolosera ma signal peptide, ya ku Denmark komweko, ndipo zikasiyana ndimapita kukawerenga mapepala a anthu amene anaigwira ndi manja.

China, ndipo ichi ndi chimene ndalembera zonsezi. Mawu oti inside ndi outside amene imakupatsani sakudziwa kuti puloteni yanu ili pa membrane iti. Palibe bokosi loti musankhe kuti ichi ndi bakiteriya, ichi ndi Plasmodium, ichi ndi cha mu mitochondria. Inside ndi mbali ya cytoplasm, outside ndi mbali inayo, kaya mbali inayo ndi chiyani. Pa ToxR outside ndi periplasm, kampata ka pakati pa ma membrane awiri, osati kunja kwa bakiteriya, ndiye munthu akalemba kuti gawo la C la ToxR lili panja ndipo lingakhale chandamale cha katemera chifukwa ma antibody alifikira, ameneyo walakwitsa, pali outer membrane yonse yotchinga. Amene mukugwira za malungo nkhani ndi yomweyo pa PfCRT, puloteni ya kachilombo ka malungo imene imakathandiza kupirira chloroquine. Ili ndi ma helix 10 ndipo imakhala pa membrane ya digestive vacuole, kathumba kogayira chakudya, mkati mwenimweni mwa kachilombo, ndiye outside pamenepo ndi mkati mwa vacuole, mmene muli asidi ndi mmene chloroquine amaunjikana. K76T, kusintha kotchuka kwa amino acid ya nambala 76, ili pa helix yoyamba, lysine wokhala ndi chaji ya positive akachoka nkubwera threonine, mankhwala amene nawonso ali ndi chaji ya positive amapeza njira yotulukira. Ife tinasiya chloroquine mu 1993, oyamba mu Africa muno, ndipo patapita zaka kafukufuku wa ku Blantyre wa 2006 anapeza kuti mankhwalawa ayambanso kugwira ntchito chifukwa tizilombo ta K76, tosasintha tija, tinabwerera. Nkhani yonseyi simungaimvetse ngati mwatembenuza puloteniyo m'mutu mwanu, ndipo webusaitiyi siikuthandizani pamenepo, muyenera kudziwa nokha kumene puloteni yanu imakhala.

Palinso zinthu zimene mwachibadwa chake siingathe, chifukwa imapereka yankho limodzi pa sequence imodzi. EmrE ya E. coli, kapuloteni kakang'ono ka ma amino acid 110 ndi ma helix 4, imalowa mu membrane mbali zonse ziwiri, ina mutu mkati ina mutu kunja, ndipo ziwirizo zimagwirana kuti zigwire ntchito, gulu la von Heijne linalemba zimenezi cha m'ma 2006. LacY, puloteni ina ya E. coli, ili ndi ma helix 12 koma Bogdanov ndi Dowhan a ku Houston anasonyeza kuti mukachotsa mafuta otchedwa phosphatidylethanolamine mu membrane theka loyamba la puloteniyo limatembenuka, sequence yomweyomweyo. Ndiye palinso ma loop aja olowa theka nkubwerera mbali yomweyo ngati a mu aquaporin, puloteni yodutsitsa madzi, awa DeepTMHMM ilibe chilembo chawo. Sindikuiimba mlandu, palibe amene analonjeza zimenezo, koma muzidziwa.

Umboni weniweni umachokera mu labu, ndipo nkhani ya ToxR yomweyi ndi chitsanzo chabwino. Miller, Taylor ndi Mekalanos mu 1987 analemba mu Cell kuti ToxR ndi transmembrane DNA binding protein, nthawi imeneyo kunalibe webusaiti iliyonse. Anagwiritsa ntchito njira ya Manoil ndi Beckwith yolumikiza puloteni yako ndi alkaline phosphatase, PhoA. Nzeru yake ndi yokongola, PhoA imagwira ntchito pokhapokha ikafika mu periplasm chifukwa imafuna ma disulfide bond amene amamangidwa kumeneko, ikatsalira mu cytoplasm ndi yakufa. Ndiye mumaimata kumapeto kwa chigawo chimene mukufuna kudziwa, mumadzala mabakiteriya pa mbale yokhala ndi BCIP, mankhwala amene PhoA imawasandutsa buluu, akabiriwira buluu ndiye kuti chigawocho chili kunja, akakhala oyera chili mkati. GFP, puloteni yowala mobiriwira, imachita zosiyana, imawala mu cytoplasm koma ikatulutsidwa kudzera pa Sec, njira yotulutsira mapuloteni, siwala. Daley ndi anzake mu 2005 anaphatikiza ziwirizi nkupeza kumene kuli mchira wa C wa mapuloteni 601 a inner membrane ya E. coli, ndipo kungodziwa kumene kuli mchira wokhawo kunakonza kwambiri zolosera za TMHMM. Pali njira zinanso, kuika cysteine pamalo amodzi nkuona ngati mankhwala osadutsa membrane akuyifikira, kapena kupanga ma spheroplast, mabakiteriya ochotsedwa khoma lakunja, nkuthira proteinase K, yodya mapuloteni, kuona chimene chadyedwa. Ndikudziwa kuti ambiri a ife ma reagent amenewa kuwaitanitsa ndi nkhani ya miyezi ndi ma forex, nchifukwa chake timathamangira pa intaneti, palibe chochititsa manyazi, kungoti polemba muzilemba kuti predicted, osati shown.

Wina afunsa kuti nanga AlphaFold, pulogalamu yolosera maonekedwe a mapuloteni, sinathetse zonsezi? Aaa ayi. AlphaFold imakupatsa maonekedwe a puloteni koma mulibe membrane mmenemo, ndipo pa mapuloteni oboola kamodzi ngati ToxR imakonda kuika magawo awiri aja pena paliponse, mwina moyandikana ngati kuti palibe khoma pakati pawo, chifukwa chowalumikiza ndi chofewa. Mukafuna kuika membrane mumatenga fayilo ya PDB ya maonekedwe aja nkukaiponya pa webusaiti ya PPM, ya anthu a ku University of Michigan, koma nayonso imakufunsani inuyo kuti mbali ya N ili mkati kapena kunja. Ndiye mwabwereranso pomwe paja.

Poyerekeza ndi anzake, TOPCONS ya gulu la Arne Elofsson ku Stockholm ndimaikondabe ngati yachiwiri. Imayendetsa njira zingapo nthawi imodzi, OCTOPUS, SPOCTOPUS, Philius, PolyPhobius ndi SCAMPI, nkuziika pamzere umodzi pamwamba pa unzake, ndiye umaona ndi maso kuti apa onse agwirizana, apa awiri akukana, ndipo imaperekanso reliability ndi girafu ya delta G, yosonyeza kuphweka kwa chigawo chilichonse kulowa mu membrane. Imachedwerapo chifukwa imayamba yafufuza achibale a puloteni yako, ndipo ma beta barrel siidziwa. Chithunzi cha DeepTMHMM chokha sichoyenera kuika pa poster, ndi cha ntchito basi, mukafuna chija cha timikanda tozungulira tolowa ndi kutuluka mu membrane pitani pa Protter, mukhoza kuipatsa topology yanu nokha nkupaka utoto pa ma amino acid amene mukufuna, monga ma cysteine awiri a ToxR, 236 ndi 293, amene ali mu periplasm.

Amene muli ndi ma genome athunthu, mwina mwachita sequencing ma isolate a kolera kapena typhoid ndipo mukufuna kuona mapuloteni onse a pa membrane, osamamata imodziimodzi. Ikani pybiolib ndi pip, kenako biolib run DTU/DeepTMHMM nkuipatsa fayilo yanu ya FASTA, imatumiza yokha nkubweza foda ya zotsatira. Ine ndimagawa fayilo m'zidutswa kuti magetsi akathima kapena netiweki ikagwa ndisayambirenso zonse. Chimodzi choti muganizire, ma sequence anu akupita pa seva ya kunja, ndiye ngati ndi data ya pulojekiti imene sinasindikizidwe kapena ili ndi mgwirizano wa kagawidwe ka data, afunseni kaye akuluakulu a pulojekiti musanadine Run. Ndipo ulere uja ndi wa ophunzira ndi ofufuza, a kampani amafunika layisensi.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Imodziyo ndaichotsa chifukwa chosowa nambala imodzi yoonekeratu yokuuza kuti yatsimikiza bwanji za mbali, ndi chifukwa chosakhala ndi kachenjezo kakang'ono pansi pa chithunzi kokumbutsa anthu kuti outside si kunja kwa selo nthawi zonse. Amene mwaiyesapo pa ma histidine kinase, mapuloteni omvera zochitika kunja, ngati PhoQ kapena EnvZ, kapena pa CadC ya E. coli imene yakhala ngati ToxR yomweyi, tandiuzeni inakupatsani zotani, ndikufuna kuyamba gulu limenelo mwezi wamawa.